Masekondi Khumi ndi Awiri a Mdima

Vadu Sec,
12 Novembala 2023

Okondedwa achemwali anga Smaranda,

Kalata yanu inandipeza Lachitatu, ndipo ndaiwerenga katatu. Ndakondwa kumva kuti bondo lija layamba kukumverani chisoni, komanso kuti mwana wanu Traian wapeza ntchito yoti munthu angaitchule pagulu. Ine kuno ndilipo. Chifuwa chija sichinachoke, koma tinazolowerana. Maplamu chaka chino anabereka mpaka kuthyola nthambi, moti botolo lanu la mowa wake ndakusungirani kale kuseri kwa kabati.

Mwandifunsa za kanthu kamene mwakapeza pansi pa chitini cha mabatani cha malemu amayi, kalamba ka filimu kokwinyikakwinyika kokulungidwa m'nyuzipepala. Mwati mwakaunika pawindo ndipo mukuonamo ngati munthu wovala zoyera, ndiye mukufunsa ngati mungamupatsire Traian akamabwera pa Khirisimasi. Musafulumire, achemwali. Khalani pansi, ndikuuzeni kaye zimene zandionekera kuno, pakuti kalata yanu yafika ngati munachita kulota.

Mukudziwa kuti Lamulungu lililonse masana timasonkhana mu holo ya kanema ija ndinagwiramo ntchito zaka makumi anayi. Timadzitcha Gulu la Okonda Mafilimu Oopsa. Dzina lokha ndiye lalikulu. Anthu ake tilipo khumi ndi atatu, ndipo ena amangobwerera kufunda kwa mu holomo chifukwa kunyumba kwawo kumazizira. Nkhalamba timakhala kumanzere, achinyamata kumanja, ngati abale a mkwati ndi a mkwatibwi amene sanagwirizane. Wapampando wathu ndi aphunzitsi Aurelian Dobrota. Mukuwakumbukira, aja a mpango wofiira m'khosi, amuna a malemu Domnica. Akadali chimodzimodzi: ukawafunsa nthawi amayamba kukuuza mbiri ya wotchi.

Mulungu wawo wa anthu amenewa ndi filimu ija ya kwathu kuno, Mkwatibwi wa ku Chigayo, yomwe inatuluka mu 1978. Inu simunaionere, munkati zamizukwa n'zopusa, ndipo simunalakwe kwambiri. Nkhani yake ndi ya mtsikana wofa tsiku la ukwati wake amene amabwerera kuchigayo cha mwamuna amene anamupha. Chakumapeto mwini chigayo uja amamva kugogoda m'chipinda chosungira ufa. Amayenda pang'onopang'ono, n'kugwira chitseko, n'kuchikankha. Pomwepo chinsalu chonse chimangoti bii, mawu onse zii, kwa masekondi khumi ndi awiri. Kuwala kukabwerera, munthu uja ali gone pansi, maso ali tong'o, wafa. Mzukwawo suoneka ngakhale chala.

Filimuyi inangoonetsedwa milungu isanu ndi umodzi, akuluakulu a nthawi ija n'kuiletsa, ati m'dziko la anthu ogwira ntchito mulibe mizukwa. Anatolera makope onse n'kukawatentha. Inatsala imodzi yokha, ija ndinaibisa ine kudenga la kachipinda kanga ka makina, n'kudzaitulutsa zinthu zitasintha. Zonse zimene anthu amaonera lero anakopera pa imeneyo. N'chifukwa chake pakhomo pa holo pali kachitsulo kolembedwa kuti, “Ilarie Bunea, amene anapulumutsa Mkwatibwi.” Mayi wosesa amakapukuta Loweruka lililonse. Ine ndikamalowa ndimayang'ana kumbali.

Ndiye mwezi wathawu anyamata ena a ku likulu atulutsa Mkwatibwi watsopano, ati kuipanganso kuti igwirizane ndi masiku ano. Achemwali, ndinaionera, ndipo maso angawa sanandikhululukirebe. Mzukwa ukutuluka filimu isanayende ndi mphindi khumi zomwe! Manja aatali ngati mapaipi, kukamwa kofika m'makutu, ukuyenda padenga chadodolido ngati buluzi. Zonsezo zojambula pakompyuta, zosalala ngati sopo. Munthu akangotsegula kabati, chiphokoso phuu! Mphaka akadutsa, phuu! Magazi ndiye osanena, ngati tsiku lopha nkhumba. Kumeneko si kuopseza, ndi kudzidzimutsa basi. Ngakhale ine nditabisala kuseri kwa chitseko ndi chivundikiro cha poto ndikhoza kukudzidzimutsani, koma simunganditche katswiri.

Titaionera, mkangano unabuka magetsi asanayake n'komwe. Sorin, mnyamata wokonza galimoto uja amalankhula ngati aliyense ndi gonthi, ndiye anayamba.

“Iyi ndiye filimu, madala! Yanu ija munthu umatha kupita kukagula buledi n'kubwerako, mwini chigayo akuyendabe kupita pachitseko.”

“Mwana iwe,” anatero aphunzitsi Dobrota akudzuka ndi ndodo yawo, “iwe sudziwa kuopa. Umangodziwa kudumpha. Ndi chule yemwe amadumpha.”

“Nanga mdima wanu uja n'chiyani? Analibe zopangira mzukwa, basi anangozimitsa.”

Apo ndiye anaputa mavu. Aphunzitsi anayamba ulaliki wawo uja tonse tinauloweza. Ati wopanga filimuyo anali munthu wanzeru zakuya, anadziwa kuti palibe chilombo choposa chimene munthu amadzipangira yekha m'mutu. Ati masekondi khumi ndi awiri akuimira miyezi ya pachaka, atumwi, ndi maola a tsiku. Ati ndi mdima wa dziko lonse la nthawi ija, pamene tinkaopa chinthu chosaoneka. Munthuyu analemba buku lathunthu, masamba mazana atatu, za mdima umenewo. Masamba mazana atatu, achemwali, onena za malo pamene palibe chilichonse! Ndipo amamaliza ndi nkhani imodzimodzi: kuti mumdima umenewo mtsikana wina yemwe anakhala pafupi nawo, osadziwana, anawagwira dzanja ndi mantha, ndipo kuwala kutabwerera sanawasiye. Mtsikanayo anali Domnica. Nkhalamba zonse zimapukuta misozi ngati zikuimva koyamba.

Ine ndinangokhala kumbuyo n'kumawayang'ana onsewo, akumanja ndi akumanzere omwe, mbuli zokhazokha. Awa akupembedza buluzi wa pakompyuta, awo akupembedza mdima.

Koma pagulupo pali mtsikana wina, dzina lake Ruxandra, amagwira ntchito yokonza zithunzi zakale. Ameneyo salongolola. Amakonda zakale ndi zatsopano zomwe, chinthu chimene ine ndimachiona ngati kupanda khalidwe. Sabata yathayi anandipempha kuti aone mpukutu weniweni wa filimu ija, womwe timausunga m'kabati ya galasi. Ine kupusa, ndinamutsegulira. Anavala magolovesi oyera, n'kumaufunyulula pang'onopang'ono pa nyale, mpaka anafika pamdima paja.

“A Ilarie, apa pali guluu,” anatero.

“Mipukutu yonse yakale ili ndi guluu, mwana wanga.”

“Pali guluu poyambira mdima, ndi pothera mdima. Ndipo kalamba kakudaka si ka fakitale imodzi ndi filimu yonseyi. Taonani zilembo za m'mphepetemu. Aka ndi kaja munkaika koyambirira kwa mpukutu pokoleka m'makina.”

“Ndiye iwe wabadwa dzulodzuloli ukufuna undiphunzitse ntchito yanga?”

“Ayi, ndikungofunsa. Anadula ndani?”

Ndinamuuza kuti apite akafunse kompyuta yake, popeza ndi imene imawaganizira masiku ano. Iye sanakwiye. Anavula magolovesi ake n'kunena kuti, “Lamulungu ndidzafunsa pagulu. Anthu akhala akukangana zaka makumi atatu, ayenera kudziwa chimene akukanganira.”

Tsopano mverani, achemwali, zimene sindinauzepo munthu, ngakhale wansembe.

Linali Lachisanu, filimu ija ili m'sabata yake yachiwiri. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. M'kachipinda ka makina muli kawindo kakang'ono koonera ngati chithunzi chili bwino pachinsalu. Tsiku limenelo sindinkayang'ana chinsalu. Ndinkayang'ana mzere wachisanu ndi chiwiri, pamene panakhala Domnica ndi duku lake lobiriwira. Inde, Domnica yemweyo. Inu munkandiseka kuti ndayamba kupesa tsitsi kawiri patsiku, koma simunadziwe chifukwa chake. Miyezi inayi ndinkamusungira mpando umenewo, ndipo miyezi inayi yonseyo chimene ndinakwanitsa kumuuza ndi “Samalani sitepe.” Ndiye ndili chiyang'anire duku lija, makina kumbuyo kwanga anayamba kutafuna filimu. Pomwe ndinkatembenuka n'kuti mamita asanu ndi theka atakwinyika, pena patasungunuka. Ndinayatsa magetsi, n'kunamizira kuti mphamvu yavuta, anthu n'kubalalika akutukwana.

Mukumbukire mmene zinkakhalira. Mpukutu ukamabwerera kwa eni ake ankauyeza kutalika. Ukaperewera, ankabwera apolisi achinsinsi aja a zipewa kudzafunsa kuti wadula chiyani, wadula chifukwa chiyani, wakutuma ndani. Anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Ndiye ndinadula poonongekapo, n'kuyeza kalamba kakuda kofanana kutalika kwake, n'kumata. Nzeru zakuya zimene aphunzitsi analembera masamba mazana atatu ndi zimenezo: mnyamata wamantha, sizasi, ndi kabotolo ka guluu. Atumwi khumi ndi awiri aja anali tepi yoyezera ya amayi.

Ndipo chimene ndinadulacho ndi chimene mwagwira m'manjacho. Kaunikeninso bwino pawindo. Mzukwa woopsa uja ndi mwamuna, achemwali, mlamu wake wa wopanga filimuyo, atamufunditsa nsalu ya pabedi n'kumuthira ufa kumaso. Mano anachita kumujambula pamilomo. Pamkono wakumanzere pakuoneka wotchi, anaiwala kuvula. Sabata yoyamba ija, filimu isanaonongeke, anthu ankafika pamenepo n'kuseka chikhakhali mpaka kugwa m'mipando. Amene anaona zimenezo ambiri anafa, otsalawo anaiwala, kapena amachita manyazi kutsutsana ndi buku.

Mawa lake, Loweruka, ndinaionetsa ndi chigamba changa, mtima uli m'mwamba. Domnica anabweranso, poti dzulo lake sanaone mathero. Pampando woyandikana naye panakhala kamphunzitsi katsopano ka mpango wofiira. Chitseko chija chinatseguka, mdima bii. Holo yonse inangoti zii, ndinkamva anthu mazana awiri akupuma. Mayi wina anakuwa. Kuwala kutabwerera ndinasuzumira pakawindo kanga, ndipo ndinaona dzanja la Domnica lili pa dzanja la munthu uja. Linakhala pomwepo mpaka filimu kutha, ndiponso zaka makumi anayi ndi chimodzi zotsatira. Mdima umenewo ndinawapangira ndine, ndi manja angawa.

Za kupulumutsa filimu nazonso ndi bodza. Atalamula kuti makope onse abwezedwe, ndinaopa kuti akaufunyulula apeza chigamba changa. Ndinanena kuti mpukutu ndinautumiza kale pa sitima, n'kuubisa kudenga. Sindinapulumutse Mkwatibwi ayi, ndinkapulumutsa khungu langa. Kachidutswa kaja ndinakaponya m'chitini cha mabatani chifukwa ndinadziwa kuti palibe wapolisi angapisemo dzanja amayi ali moyo.

Ruxandra atandiopseza, masiku awiri ndinkangoyendayenda m'nyumba. Kenako kalata yanu n'kufika. Ndinati basi, ndi chizindikiro chimenechi. Ndikuuzeni zoona, chimene ndinamva si manyazi okha. Ndinamvanso kukoma. Zaka zonsezi ndakhala kumbuyo kwa holo kumvetsera munthu akutamanda chidakwa china chakufa, wopanga filimu uja, chifukwa cha ntchito yanga, akudzitama ndi mkazi amene ndinachita kumuperekera ndekha. Ndinati ndipite ndikamuuze pamaso, ndione nkhope yakeyo ikugwa. Ndidzauze Traian abweretse mlamu wa wotchi uja, timuonetse pachinsalu chachikulu, buku lija akakolezere moto.

Ndinapita Lachisanu masana. Ndinawapeza aphunzitsi atakhala pafupi ndi chitofu, atafunda chikhoti cha Domnica pamiyendo. Achepa, achemwali. Ku holo amadzilimbitsa, koma kunyumba kwawo ndi kankhalamba chabe, manja akunjenjemera moti khofi anathira theka m'mbale. Patebulo panali mabotolo a mankhwala ochuluka kuposa mabuku.

“Mwabwera bwino, achimwene,” anatero. “Adokotala akuti mtimawu watopa. Ati ndisamakwiye. Ndinawauza kuti ndiye aletse mafilimu atsopano.”

Ndinaseka pang'ono, n'kukonza pakhosi. “Aphunzitsi, pali nkhani ina yokhudza mdima uja.”

“Musandiuze, ndamva kale. Kamtsikana kaja kakuti kali ndi funso. Kabwere, ndikayankha.” Kenako anati, “A Ilarie, ndikuuzeni chinthu chimene sindinalembe m'buku? Chimwalirireni Domnica, ndikakhala pano ndekha ndimatseka maso, n'kuika dzanja pa mkono wa mpandowu, n'kuwerenga mpaka khumi ndi ziwiri. Masiku ena palibe chimachitika. Koma masiku ena, ndikafika pa zisanu ndi zitatu, amandigwira. Musaseke. Ndimadziuza kuti munthu wanzeru uja sanaike mdima umenewo pachabe, anauikira ife. Zikanakhala zangozi chabe, ndiye kuti moyo wanga wonse unali wangozi.”

Chitsiru cha munthu! Mphunzitsi wathunthu, wowerenga mabuku, kumakhala ndi maso otseka kudikira dzanja la wakufa. Ndinafuna kumuuza choncho. M'malo mwake ndinamwa khofi wake woipayo mpaka kutha, n'kumuuza kuti chitofu chake chikufuka, ndidzabwera kudzachikonza.

Lero ndiye linali tsiku lake. Ndangobwera kumene, ndipo ndikulemba ndisanavule ndi nsapato zomwe. Titamaliza kuonera kafilimu kena kachabechabe ka ana asukulu ophedwa mmodzimmodzi m'nkhalango, Ruxandra anaimirira. Anafotokoza za guluu, za zilembo za m'mphepete, zonse mwadongosolo ngati ali m'khoti. Sorin anaomba m'manja.

“Ndinanena ine! Mdima wa madala ndi chigamba!”

Aphunzitsi anatembenuka kundiyang'ana. Dzanja lawo linali litagwira mkono wa mpando.

“A Ilarie,” anatero Ruxandra, “anadula ndani?”

“Ndine,” ndinatero.

Holo inangoti zii, ngati Loweruka lija. Ndinaimirira n'kupitiriza.

“Ndinadula ndine, mwini filimu ataima pambali pangapa. Anabwera yekha pa sitima ya m'mawa, chipewa chili m'manja. Anati akuluakulu a kampani ya mafilimu anamukaniza kuika mdima, ati anthu adzayesa makina afa, ndiye anamukakamiza kujambula mzukwa. Ankayenda holo ndi holo kupempha ife oonetsa kuti tichotse mzukwawo. Kalamba kakuda ndinatenga kanga, n'chifukwa chake zilembo zikusiyana. Ndinamufunsa kuti ndiyeze kotalika bwanji. Anati masekondi khumi ndi awiri, osaonjezera, osachotsera.”

Munthu ameneyo, achemwali, sanapondepo ku Vadu Sec chibadwire. Ndinangomuonapo pa chithunzi, ndipo ankaoneka ngati wogulitsa nkhumba.

“Nanga bwanji simunanene zaka zonsezi?” anafunsa Sorin.

“Anandilumbiritsa. Komanso ndikanauza ndani, iwe? Ukanamva?”

Nkhalamba zinaomba m'manja. Aphunzitsi analira poyera, osabisa, akungobwereza kuti, “Osaonjezera, osachotsera! Mwamva? Mwamva, ana inu?” Akuti alembanso mutu wina woonjezera m'buku lija. Tiyembekezere masamba ena makumi asanu a zopanda pake.

Ruxandra yekha sanaombe m'manja. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana aphunzitsi, n'kukhala pansi. Potuluka anandipeza pa kachitsulo kaja ka dzina langa.

“Kachidutswa munachotsako kali kuti?” anafunsa motsitsa mawu.

“Anapita nako mwini wake.”

“Chabwino,” anatero. Anayenda masitepe awiri n'kutembenuka. “Amene anayeza mdima umene uja, kaya ndi ndani, anayeza bwino.”

Kamwana kachipongwe. Ndani anakafunsa maganizo ake?

Ndiye mwaona, achemwali. Chinthu chimodzi chokha chabwino chimene ndinapanga pa moyo wanga, chimene anthu amabwera kuchokera kutali kudzachionera, ndachipereka lero pamaso pa mboni khumi ndi ziwiri kwa chidakwa chimene chinaveka mlamu wake nsalu ya pabedi. Sindingachitengenso. Ndipo ndachita zimenezi chifukwa cha munthu amene sindinamukondepo ngakhale tsiku limodzi.

Pempho langa ndi ili. Traian musamupatse kachidutswako, ndipo musamuonetse, ana a masiku ano chilichonse amajambula pafoni. Kaunikeni komaliza pawindo, mupeze wotchi ija, museke mokwanira anthu awiri. Mukatero mukaponye pamoto. Mutsegule mawindo, kamanunkha kakamasungunuka. Kalata inonso itsatire komweko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze asiye kukwera makwerero pa msinkhu wawowo. Moni kwa Traian ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu amene ndimangowadziwira pa zithunzi. Mabataniwo musataye, muli ena abuluu a pa diresi la amayi la ku tchalitchi. Manda a amayi ndi abambo ndinalambula, musade nkhawa. Loweruka likubwerali ndipitanso kumandako, koma ndi aphunzitsi, poti paokha sangathe kukwera kaphiri kaja ndipo akufuna akamuuze Domnica nkhani yabwinoyi. Iwo adzagwira ndodo ndi mkono wanga. Maluwa ndidzanyamula ndine.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Ilarie